Maungu a Apongozi pa Phiri la Mphesa

Apongozi anga anatera ku Indianapolis, ku America, mu Epulo, mwana wathu woyamba ali wakhanda. Anabwera kudzalera mdzukulu kuti mwana wawo, yemwe ndi mkazi wanga, amalize chaka chotsiriza cha maphunziro a unamwino. Tikiti yawo yobwerera inali ya kumapeto kwa Okutobala, ndipo moyo wathu wonse wa chaka chimenecho tinaukoloweka pa tikiti imeneyo ngati jekete pa msomali. Akanachoka msanga, mkazi wanga akanaimitsa sukulu, chifukwa ine ndimalawirira kukayendetsa vani, ndipo kosiya khanda kunalibe.

Tinkakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, m'nyumba ya m'mwamba ya zipinda ziwiri ndi kanjira kam'kati kamodzi kopapatiza. Amene anamanga nyumba imeneyo sankadziwa kuti padziko pali akamwini. Kwathu ku Dedza mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ku Lawrence tchire lopatukirako kunalibe. Ndikamva masilipasi awo m'kanjiramo ndinkabwerera m'bafa n'kuyambanso kutsuka mano. Sindinakhalepo ndi mano oyera ngati chaka chimenecho.

Nkhani tinkakambirana kudzera mwa mwana. Apongozi ankamunyamula n'kunena kuti, "Iwe, uwauze abambo ako kuti sopo watha." Ine ndili kukhitchini ndinkayankha kuti, "Uwauze agogo kuti ndamva, ndibwera naye madzulo." Mwiniwake wa uthengawo ankangoyamwa chibakera. Mkazi wanga ankati zimenezi n'zachikale, ngakhale ku Lilongwe anthu anasiya, koma ife awiri zinkatiyendera bwino ndipo sitinakanganepo.

Pofika kumapeto kwa Meyi apongozi anayamba kufota. Ndi munthu amene anakulira m'munda, ndipo anali atasiya chimanga chawo chisanalowe m'nkhokwe. Tsopano mwana akagona ankangokhala pawindo n'kumayang'ana magalimoto oimikidwa panja. Chakudya ankangochigwira pamwamba. Tinawatengera kumashopu a ku Lafayette Road, kumene munthu amapeza ufa, nsomba zouma ndi chigwada cha mufiriji. Chigwadacho anachitembenuzatembenuza m'manja n'kumuuza mwana kuti masamba amenewa anamwalira kalekale, anthu akungochedwa kuika maliro. Tinaseka, koma iwo sanaseke. Patapita masiku ochepa ndinawamva akumuuza mwana yemweyo motsitsa mawu kuti, "Amalume ako a ku South Bend asinthe tikiti ija. Ine kuno ndayesetsa."

Amalumewo ndi alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, amene anagula tikitiyo. Mkazi wanga anati sangawakakamize amayi ake kukhala m'dziko limene likuwadwalitsa, ndipo ngati n'kusiya sukulu asiya. Ananena zimenezi akusita yunifolomu yake, osandiyang'ana.

Ntchito yanga inali kudiliva makatoni ndi mabotolo opanda kanthu m'mafakitale ang'onoang'ono. Malo amodzi amene ndinkapitako kawirikawiri anali munda wa mphesa wa banja lina, paphiri, ulendo wa ngati ola limodzi kum'mwera kwa mzinda. Malo ambiri m'chigawo chimenechi cha Indiana ndi osalala ngati mphasa, chimanga kuno chimanga uko, koma kumeneko nthaka imayamba kudzuka, ndipo msewu umakhotakhota mpaka munthu wa ku Dedza mtima umakhala m'malo.

Ndiyenera kunena kuti ine sukulu ndinalekera Fomu Thuu, koma matenda owerenga ndinawatengera ku South Bend, kumene ndinafikira nditangobwera m'dziko lino. Nyengo yozizira yoyamba ndinapeza kuti mulaibulale mumafunda ndipo salipiritsa. Ndinalowamo kukaotha, ndipo pochita manyazi kukhala manja lende ndinatola buku. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndakumana nacho ndimayamba ndachiwerenga. Mkazi wanga amati tsiku limene nyumba idzapse ndidzathamangira kukabwereka buku lonena za moto. Choncho nditayamba kupita kuphiri kuja ndinabwereka mabuku a mphesa, ndipo posakhalitsa ndinkadziwa kudulira mpesa, kuumezanitsa ndi kuuteteza ku chisanu, ngakhale ndinali ndisanaugwirepo ndi dzanja.

Mwini munda anali mayi wa imvi zochepa, wovala majombo nthawi zonse, wolankhula uku akunyamula katundu. Mbiri ya malowo anandiuza pang'onopang'ono, katoni ili m'manja. Agogo ake aamuna anagula phirilo motchipa chifukwa palibe amene ankalifuna: pulawo inkagubuduka, chimanga chinkakokoloka ndi mvula. Ankawetapo ng'ombe za mkaka. Mizere yoyamba ya mpesa anaibzala pamwamba penipeni, ndi timitengo topempha kwa mnansi, kuti azipangira vinyo wa pakhomo m'chipinda chapansi. Bambo ake a mayiyu ndi amene anagulitsa ng'ombe n'kudzaza phiri lonse ndi mpesa, anthu akuwaseka. Kenako kunabwera chaka china chozizira koopsa, ndipo mpesa wonse unafa kupatula mizere ya pamwamba ija. Mphepo yozizira, anatero mayiyo, imatsetsereka ngati madzi n'kukadikha kuchigwa, ndiye cham'munsi chimapsa ndi chisanu, cham'mwamba n'kupulumuka. Ine ndinagwedeza mutu mwamphamvu chifukwa ndinali nditaziwerenga, ndipo ndinatsala pang'ono kutchula tsamba lake. Bambo a mayiyo anabzalanso phiri lonse. Mayiyo anali atapita kukagwira ntchito ya muofesi mumzinda, koma amayi ake atamwalira anabwerera kudzathandiza kwa chaka chimodzi, ndipo chaka chimodzicho sichinathebe.

Bambo akewo anali moyo, nkhalamba yaitali yoyendera ndodo. Munda wonse anali ataupereka kwa mwana wawo, koma mizere ya pamwamba inali yawobe. Thirakitala sinkaloledwa kufikako, mankhwala opha udzu ayi ndithu. Ankapalira okha ndi khasu mpaka maondo anawakana.

Tsiku lina kuchiyambi kwa Juni mayiyo anandiperekeza kumtundako kuti ndikaone mitengo yakaleyo. Inali yonenepa ngati ntchafu, yopindikapindika, makungwa akusendeka okha. Ndinali nditakonzekera funso lanzeru lokhudza mizu. Ndisanalifunse ndinayang'ana pansi, ndipo funso lija linathawa. Pakati pa mizere yonseyo panali bonongwe. Wanthete, wobiriwira, wofika m'akakolo, wongodikira dzanja.

"Udzu woipa umenewo," anatero mayiyo ataona kumene ndikuyang'ana. "Ukauzula umodzi, abale ake amabwera kumaliro."

"Mayi, kwathu imeneyi ndi ndiwo."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti kwathu timadya mawaya. Kenako anati ngati pali munthu amene angadye udzu umenewu abwere adye wonse, chipata n'chotsegula.

Madzulo ake ndinaika masamba odzaza jumbo patebulo n'kubwerera m'mbuyo. Apongozi anatola tsamba limodzi, kulinunkhiza, kulitikita ndi zala. Anamufunsa mwana kuti abambo ake azitenga kuti zimenezi. Mkazi wanga anafotokoza, ndipo sanabise kanthu. "Komatu amayi, kumeneko amapanga vinyo. Anthu amapita kukamwa." Anawachenjeza chifukwa apongozi ndi mayi wa mpingo amene ngakhale thobwa logona amalikayikira.

Apongozi anamukweza mwana m'mwamba. "Uwauze amayi ako kuti ine ndalima chimanga moyo wanga wonse, ndipo ena amatchezera kachasu. Kodi ndinalekapo kulima? Ine ndikupita kumunda. Za m'mabotolo akayankha eni ake."

Umu ndi mmene maulendo a Loweruka anayambira. Ine kutsogolo, apongozi ndi mwana kumbuyo, kagalasi koonera kumbuyo nditakapotoza kuti maso athu asakumane. Ndikathamanga ndinkamva kuti, "Uwafunse abambo ako ngati kuli moto kumene tikupita." Tikafika ankabereka mwana, kumanga chitenje, n'kukwera phiri lija mofulumira kuposa ine. Nkhalamba ija inkakhala itatsogola kale pa kagalimoto kake kakang'ono, itakhala pampando kumapeto kwa mzere. Awiriwa analibe liwu limodzi lofanana, koma ankacheza m'mawa wonse. Apongozi ankawadandaulira m'Chichewa za khasu lawo la mpini wautali, loti ndi la munthu wosafuna kupereka moni kunthaka. Nkhalambayo inkayankha m'Chingerezi za maondo ake. Aliyense ankavomera pamalo oyenera.

Apongozi sanangothyola bonongwe. Anapalira mizere yonse ya pamwamba, kusiya bonongwe yekha m'malo amene anasankha, ndipo nkhalamba ija inkawaombera m'manja. Kunyumba anayamba kudya. Pakhonde lathu laling'ono anayanikapo mfutso, ndipo amayi a kutchalitchi ankabwera Lamulungu masana ndi timajumbo, aliyense akuti wangodutsa kudzaona mwana. Za tikiti sizinamvekenso.

Ine pa maulendo amenewa ntchito yanga inali kukhala pansi pa mtengo ndi buku la mphesa, mphesa zenizenizo zili kumbuyo kwanga. N'chifukwa chake sindinaone chimene chinkachitika. Pawindo la kukhitchini panali patayanikidwa nthanga za dzungu limene tinagula ku Lafayette Road. Ndinaziona, ndinatolapo zingapo n'kukazinga, ndipo zotsalazo zitasowa ndinaganiza kuti wina wandipambana liwiro. Mu Julayi patebulo panayamba kufika nkhwani wotendera. Ndinadya, ndinapempha wina, ndinamuuza mwana kuti athokoze agogo. Sindinafunse kuti m'munda wa mphesa nkhwani akuchokera kuti. Munthu wowerenga chilichonse, mpaka zolemba za pa paketi ya mchere, mbale yangayanga ndinalephera kuiwerenga.

Kuchiyambi kwa Ogasiti kunagwa mvula ya masiku ambiri, yotentha, yonyowetsa ngakhale zovala za m'kabati, ndipo tinaphonya maulendo angapo. Nditapita ndi makatoni pakati pa mlungu, mayi uja sananyamule katoni. Anati, "Tiyeni kumtunda."

Dzungu likapeza mvula, manyowa ndi waya woti ligwire, silifunsa kuti waya ndi wa yani. Linali litakwera mizati, kuyenda pa mawaya, n'kufunditsa mitengo ingapo yakale ija ndi masamba aakulu ngati maambulera. Maluwa achikasu anali mbwee, ndipo timaungu tinali lende pakati pa mphesa. Kunena zoona zinali zokongola. Mayiyo anakweza tsamba limodzi. Pansi pake phava la mphesa linali litachita chuku, zina zitaphulika, fungo lowawasa likutuluka.

"Ife masamba a mpesa weniweniwo timawathothola kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa," anatero. "Mphesa zikakhala pamthunzi ponyowa zimaola."

Ndinkadziwa. Zinali m'buku lachiwiri, mutu wokhudza matenda. Tsiku limenelo sindinagwedeze mutu.

Sanakalipe. Anangosisita khungwa la mtengo umodzi n'kunena kuti mitengo imeneyi anabzala agogo ake, ndipo vinyo wake sasakaniza ndi wina aliyense. Kenako anati Loweruka likubwerali tiyambe taima, alankhule kaye ndi bambo ake.

Uthenga umenewu sindinaudutsitse mwa mwana. Ndinamuuza mkazi wanga, iye n'kukawauza amayi ake kuchipinda, chitseko chili chotsegula. Poyamba apongozi anadziteteza. Anati nthaka yonse ija inali kungokhala, ndipo ndi munthu wanji amene amasiya mpata pakati pa mizere osaponyapo nthanga? Ankafuna kuti maungu akakhwima awapatse achikulire aja, poti iwo adya bonongwe wawo miyezi iwiri osabweza kanthu. Kenako mawu anatsika. "Ndiye kuti ndawononga munda wa eni ake. Ine, pa msinkhu uno, ngati mbuzi yosamangidwa."

M'mawa mwake chikwama chawo chinali pabedi, nsalu zitapindidwa. Anaimbira alamu ku South Bend, foni ili pa sipika monga amachitira nthawi zonse. Anati tikiti isinthidwe, apite kwawo asanachititse ana awo manyazi ena. Koma asanapite pafunika nkhuku. Munthu akawononga m'munda mwa mnzake sapepesa ndi pakamwa pokha.

"Chabwino amayi, alamu akagule kushopu," anatero alamuwo.

"Ya mufiriji? Yopanda mutu? Ukapepese ndi mtembo? Ndikufuna yamoyo, yaikazi, yoyenda ndi miyendo yake."

Patangopita mphindi zochepa foni yanga inalira. "Alamu," anatero, "ine ndinakupatsani mlongo wanga, ndinakutumizirani amayi anga. Inu mwawatengera kumowa, mwawapalamulitsa mlandu, tsopano ine ndisake nkhuku yamoyo mu America?"

"Alamu, inu ndi amene mumati ku South Bend kulibe chosowa."

"Mabuku anu aja sakunena kumene amagulitsa nkhuku?"

Anaipeza. Kum'mawa kwa South Bend kuli alimi ena oyenda pa ngolo za mahatchi, ndipo mmodzi anawagulitsa thadzi lofiira, lonenepa bwino. Loweruka m'mawa anafika ku Lawrence atayendetsa maola atatu, nkhuku ili m'katoni yoboola pampando wakumbuyo, galimoto yawo yatsopano ikununkha khola. Anati njira yonse nkhukuyo inkawayankha akamaimba nyimbo za kwaya. Za tikiti anandinong'oneza kuti sanakhudze kanthu, ayamba aona mmene mlandu uthere.

Ndinali nditamuimbira mayi uja kumupempha kuti atilole tibwere kamphindi chabe. Tinapeza pakhonde la nyumba yolawira vinyo pali alendo angapo ndi matambula awo, ndipo nkhalamba ija ili pampando pafupi ndi khomo. Apongozi anali atavala chitenje chawo cha ku ukwati wathu. Anatulutsa nkhuku m'katoni, kuigwira ndi manja awiri, kuyenda mpaka pamaso pa achikulirewo, n'kugwada pa timiyala. Matambula onse anaima m'malere. Mayi uja anathamanga kuti awadzutse, koma ndinamupempha kuti awasiye.

Alamu ananyamula mwana n'kunena kuti womasulira ndikhale ine, poti ndine ndinayambitsa zonsezi. Choncho ndinaima chammbali, maso kuphiri, apongozi maso pansi. Apongozi anati anabwera ngati mlendo, analandiridwa ngati mbale, ndipo abweza chipongwe. Anati sanadziwe khalidwe la mtengo umenewu, koma kusadziwa sikubweza mphesa zoola. Nkhuku iyi ndi yochepa, koma ailandire kuti iwo apite kwawo mtima uli pansi. Ndinamasulira zonse, ndipo Chingerezi changa cha m'mabuku chinatuluka chaulemu kwambiri moti mlendo wina anavula chipewa.

Nkhalamba ija inalandira nkhukuyo n'kuiika pamiyendo. Inakhosomola, n'kuyang'ana mwana wake cham'mbali.

"Auzeni kuti mlanduwu tigawana," inatero. "Maungu amenewo ndinawaona atangomera. Masiku opanda mvula ndinkawathirira."

"Adadi!" anatero mayi uja.

"Amayi anga ankabzala maungu ndi nyemba m'mizere imeneyi ndili mwana. Tikanadya chiyani poyembekezera mpesa kuti ubereke? Chimene ndinaiwala n'chakuti ankandituma m'mawa uliwonse kukawatsitsa pa waya."

Mayiyo anagwira pachipumi, kuyang'ana bambo ake, kuyang'ana apongozi ali chigwadire, kuyang'ana nkhuku, kenako anayamba kuseka mpaka anakhala pa sitepe. Atapuma anati popeza olakwa apezeka awiri, onse akwere phiri akatsitse maungu awo lero lomwe. Tinakwera tonse, ndi alamu omwe ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Tinamasula timanja ta dzungu pa mawaya kamodzikamodzi, n'kugoneka mphukira zake pansi kuloza kumpanda. Mapava oola tinadula n'kutaya. Aka kanali koyamba kuti ndigwire mpesa ndi dzanja, ndipo mavu anandilandira pa chala chachikulu.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Tili m'galimoto pobwerera ndinamva kumbuyo kuti, "Uwafunse abambo ako kuti nkhuku ija aipha liti."

Kwa apongozi, nkhuku yopepesera imadyedwa. Mwini munda akaidya ndiye kuti wameza mkwiyo wake, mlandu watha. Akaisunga ndiye kuti mlandu akuusunganso. Anawauza alamu kuti za tikiti ayambe adikira mlungu umodzi, aone. Chikwama sichinachoke pabedi, ankagona nacho chakumiyendo. Mkazi wanga anali atatsala pang'ono kuyamba milungu yomaliza ya kuchipatala, imene munthu saloledwa kujomba, ndipo tsiku lililonse pochoka ankayang'ana chikwamacho.

Loweruka lotsatira tinaipeza nkhuku ija ikuyenda pakhonde ngati ndi yomwe inagula phirilo. Anali ataikonzera mgolo wakale wa vinyo, ataugoneka cham'mbali n'kuikamo udzu. Loweruka linalo tinaipeza itakwera kagalimoto ka achikulire, ikupita nawo kumtunda kukatola tizilombo. Anali ataipatsa ndi dzina lomwe. Apongozi anapalira m'mawa wonse osayankhula ndi munthu, ndipo pobwerera anamuuza mwana kuti azunguwa ndi anthu oseka pamaso.

Ndinapita kulaibulale, chifukwa ndi kumene miyendo yanga imapita ndikasowa chochita. Mabuku a nkhuku analipo shelefu yathunthu, koma panalibe limene linanena chochita ngati wopepesedwa wayamba kukondana ndi chipepeso. Choncho pa ulendo wotsatira wa makatoni ndinangomufotokozera mayi uja zonse, ndi za chikwama zomwe, ndi za sukulu ya mkazi wanga. Anaika katoni pansi.

"Mukufuna ndikawauze adadi kuti aphe nkhuku imene amadya nayo chakudya cham'mawa?"

Ndinati sindikufuna kanthu, ndikungonena mmene zinthu zilili kunyumba kwanga. Anati awauza, koma ndisayembekezere zambiri.

Kukolola kunayamba kuchiyambi kwa Sepitembala. Tsiku lokolola mizere ya pamwamba banjalo limaitana abale ndi anansi, ndipo anatiitana nafenso. Aliyense anapatsidwa kasizasi ndi kireti. Apongozi anapita okha ku mitengo imene maungu awo anafunditsa, ndipo sanalole wina kuyandikira. Phava lililonse ankalitembenuza, kuchotsa mphesa yoola imodziimodzi, n'kuliika m'kireti ngati akugoneka khanda. Zokolola za mitengo imeneyo zinali zochepa poyerekeza ndi inzake, ndipo aliyense anaona, iwonso anaona. Cha kumpanda maungu anali atakhwima, akuluakulu, osadziwa kuti anapalamula.

Masana tinakhala pamthunzi kuti tidye. Achikulire aja anabwera pa kagalimoto kawo, nkhuku ili pambali, mbale yophimba ndi kansalu ili pamiyendo. Anatsika movutikira, kukana dzanja la mwana wawo, n'kuyenda ndi ndodo mpaka pamene panakhala apongozi. Anavundukula mbale ija. Munali mazira owiritsa. Analoza mazira, kuloza nkhuku. Kenako anatenga limodzi, kuliswa pa ndodo yawo, kulisenda pang'onopang'ono, kuwaza mchere wa m'thumba la malaya, n'kulidya lonse ataimirira, maso ali pa apongozi. Atameza anawapatsira mbale.

Palibe anandipempha kumasulira. Apongozi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anayang'ana nkhuku, imene inali kupalasa pafupi ndi phazi lawo. Ndinkaona kuti mlandu ukuzengedwa m'mutu mwawo, mboni zikuitanidwa, akuluakulu a kwawo akufunsidwa maganizo. Kenako anapukuta manja pa chitenje, kutenga dzira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono.

Atadya anandipempha foni kudzera mwa mdzukulu wawo, amene anali m'tulo kumsana, n'kuimbira ku South Bend.

"Tikiti ija usaisinthe," anatero.

"Aipha nkhuku, amayi?"

"Adya mazira ake."

"Mazira? Ndiye zikuwerengedwa zimenezo?"

"Dzira limachokera kuti? Iwe unapita kusukulu kukatani? Munthu wadya za m'mimba mwa nkhuku yanga pamaso pa anthu, ukufunanso chiyani? Komanso akanaipha akanadya tsiku limodzi. Apa azidya chipepeso changa m'mawa uliwonse mpaka atatopa nacho."

"Ndiye ine maola atatu aja ndinanyamula fakitale ya chipepeso," anatero alamu. "Alamu ali pompo? Auzeni kuti galimoto yanga ikununkhabe."

Apongozi anadula foni alamu asanamalize, n'kudzuka kubwerera kumzere, poti makireti anali akadalipo ambiri ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo. Ine ndinamulembera mkazi wanga uthenga kuchipatala kuti Lolemba apite ku shifiti yake mtima uli m'malo. Anayankha nthawi yopuma, kufunsa ngati ndikunena zoona, ndiponso ngati tingabwere ndi dzungu limodzi.